Mvula ya M'denga mwa Mayi Verna

Mayi Verna Varga anakhala m'nyumba imeneyo zaka makumi asanu ndi chimodzi, koma ng'anjo yotenthetsa nyumba sanaikhudzepo ngakhale ndi chala. Kuchipinda chapansi ankatsikako, inde, kukachapa ndi kukatenga mabotolo a nkhaka zoviika m'mchere, koma akafika pangodya ya ng'anjo ankalambalala ngati pagona galu wolusa. Kumeneko kunali kwa amuna awo, bambo Emil. Iwo kwawo kunali kukhitchini. Anagawana choncho kuyambira tsiku la ukwati, ndipo palibe ankadandaula.

Mayiwa anabadwira kuminda ya biti, mbewu yopangira shuga, kum'mawa kwa tauni ya Lethbridge, m'banja la ana asanu ndi anayi. Sukulu anailekeza panjira chifukwa manja ankafunika kumunda. Atakwatiwa anapeza ntchito yochapa pachipatala cha m'tauni mwathu muno, ndipo anachapa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mpaka zala zinapindika ngati mizu. Ankakonda kunena kuti, "Ine za madokotala sindizidziwa, koma nsalu za pabedi zimandiuza zonse. Ndikangoiona nsalu ndimadziwa ngati mwini wake watuluka ndi miyendo yake kapena amunyamula." Kutchalitchi ankakhala benchi lachitatu kumbali ya khoma, kolona m'manja, ndipo ankaimba mokweza ngakhale mawu anali okhakhala. Mulungu sanawapatse mawu, anawapatsa msana.

Bambo Emil ankagwira ntchito kunkhokwe yaikulu ya tirigu ija inali m'mbali mwa njanji. Munthu wamfupi, wamakani, wosakhala pansi. Nyumbayo anamanga okha ndi mchimwene wawo, thabwa ndi thabwa, ndipo msomali uliwonse ankaudziwa pamene uli.

Mwana anali naye mmodzi, Noreen. Chisanu choyamba Noreen atabadwa, mpweya wa m'nyumba unauma gwa, monga umachitira kwathu kuno ng'anjo ikayaka miyezi isanu ndi umodzi osapuma. Kamwana kankadzuka magazi a m'mphuno ali papilo, timilomo titang'ambika. Ukagwira chitseko, moto wa magetsi phethu pachala. Matabwa a pansi anatalikirana mpaka ndalama yachitsulo inkalowa pakati pake. Mayi Verna ankaika mabeseni a madzi paliponse potulukira mpweya wotentha, ndipo bambo Emil ankapunthwa nawo m'mawa uliwonse, uku akutukwana m'chilankhulo cha makolo awo. Tsiku lina anabwera ndi kabokosi, natsika nako pansi, naboola paipi yaikulu ya mpweya, nalumikiza kapaipi ka madzi kowonda ngati chingwe cha nsapato. M'kabokosimo munali chinkhupule cha waya. Madzi ankadontha pachinkhupulepo, mpweya wotentha n'kudutsa, n'kutenga chinyezi kupita nacho m'zipinda zonse. Sabata isanathe papilo pa mwana panali poyera. Mayi Verna anakapereka kandulo kutchalitchi, ngakhale bambo Emil ankati woyenera kandulo ndi iwo.

Kabokosi kameneko bambo Emil anakasamala ngati mwana wachiwiri. Kakatha, ankagula kena n'kuika pomwepo. Mwezi wa Okutobala uliwonse ankachotsa chinkhupule chakale, chimene madzi athu a mcherewa amachiumitsa ngati mwala, n'kuika chatsopano, n'kutsegula madzi ndi kachitseko ka mpweya, kenako n'kulemba tsiku ndi pensulo papaipi yaikulu ija. Mu Meyi ankatseka zonse. Masiku olembedwawo anatsika mzere kuchokera pamutu mpaka m'mawondo.

Koma lamulo lawo lalikulu linali pa batani lopotokola limene linali pambali pa kabokosiko. Kunja kukazizira kwambiri, batani lizitsika. Kukafika pozizira pothetsa nzeru, litsikiretu.

"Nzeru zanji zimenezo?" ankatero mayi Verna chaka ndi chaka. "Pamene mmero wauma kwambiri ndi pamene mukutimana chinyezi?"

"Amake Noreen, nyumba ili ngati munthu. Ikamwa mopitirira imadzikodzera."

"Chilankhulo chanucho, bambo inu, pamaso pa chakudya."

"Ndikunena zoona. Chinyezi chikachuluka chimakwera, chimalowa m'ming'alu, chimakagona m'denga n'kuundana. Inu muziyang'ana zenera. Mame akapitirira chala chimodzi m'munsi mwa galasi, ndiye kuti nyumba yakhuta."

M'mawa uliwonse wa chisanu, asanamwe khofi, ankapita pazenera n'kugoneka chala chawo pagalasi. Mayi Verna ankawaseka kuti akupima malungo a nyumba.

Fumbi la tirigu silipha msanga. Limadikira. Bambo Emil anapuma pantchito ali bwinobwino, koma patapita zaka chifuwa chinayamba, kenako kupuma mobanika, kenako botolo la mpweya ndi timachubu ta m'mphuno. Chaka chimene ndikunenachi, Okutobala atafika, masitepe khumi ndi awiri opita pansi anali atawakulira. Anakoka mpando mpaka pakhomo la masitepewo, nakhala, botolo pambali, nawatuma akazi awo.

"Mwafika?"

"Ndafika. Koma pali mabokosi awiri pano."

"Kakang'onoko. Kali ndi kapaipi."

"Zonse zili ndi mapaipi, bambo a Noreen!"

"Zaka makumi asanu mukudutsa pamenepo, simunakaone? Maso munawachapira limodzi ndi nsalu za kuchipatala?"

"Pitirizani mwanowo. Ndikusiyirani, mutsike nokha mutabereka botolo lanulo kumbuyo."

Bambo Emil anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo mayi Verna anaima pansipo chete, manja ali pakabokosi, kudikira kuti chithe. Chitatha anatsegula chivundikiro. Chinkhupule chakale chinatuluka cholemera ngati njerwa, choyera mbee, chikuyoyoka m'manja. Chatsopano anachilowetsa chozondoka kawiri konse.

"Kadontho kakuda kayang'ane kumwamba! Kumwamba, kumene mumati mudzapita!"

"Ine ndidzapita. Inu kaya."

Anatsegula madzi, napotokola kachitseko, ng'anjo inayaka. Iwo sanamve chilichonse, koma kumwamba kuja bambo Emil anati, "Eya. Ayamba kuyenda. Ndikuwamva." Makutu awo pa nkhani ya nyumba imeneyo anali ngati a mphaka.

"Tsopano lembani tsiku. Pensulo ili pamwamba pa paipi."

Mayi Verna anayang'ana mzere wa manambala okongola aja, onse opendekera mbali imodzi. "Ine ndilembe pansi pa zolemba zanu? Dzanja langa ngati papalasa nkhuku. Mudzalemba nokha mukapezako bwino."



Mayi Verna atakwera, bambo Emil anawagwira pamkono. Bambo awo a Emil anamwalirira kunyumba ya okalamba, masiku onse akufunsa anamwino kuti chipewa chawo chili kuti, akufuna azipita kwawo. Nkhani imeneyo sinawachoke mumtima.

"Verna," anatero, ndipo dzina limenelo sankalitchula kawirikawiri. "Musandipititse. Kaya zivute bwanji. Ndikufuna ndidzatsinzine ndikuyang'ana siling'i imene ndinakhoma ndekha."

"Mukuyankhula ngati mwalandira kale kalata yoitanidwa."

"Lonjezani."

Analonjeza. Anagwira kolona m'thumba la epuloni n'kulonjeza. Ndipo munthu amene wachapa nsalu za chipatala zaka zonse zija salonjeza zimenezo mwachibwana.

Khirisimasi inadutsa bwino. Sabata yoyamba ya Januwale kuzizira kunatsika kuchokera kumpoto n'kukhala pansi ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Madigiri makumi atatu ndi asanu pansi pa ziro, tsiku ndi tsiku, dzuwa likuwala koma lopanda ntchito. Bambo Emil ali pabedi anati, "Katsitseni batani mpaka pa kamzere kachiwiri." Mayi Verna anatsika n'kukatsitsa.

Masiku atatu okha, chifuwa chinasintha. Chinauma, chinkamveka ngati munthu akung'amba nsalu. M'mphuno, momwe munkadutsa timachubu, munachita zilonda. Tsiku lachinayi papilo panali magazi, monga papilo pa Noreen kalekale, koma awa anali ambiri, ndipo ena anachokera pakamwa.

Namwino woyendera odwala m'makomo, dzina lake Marites, mayi wachifatse amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, anayang'ana pilo uja n'kuwaitanira mayi Verna kukhitchini.

"Mayi, ndisakubisireni. Magazi akapitirira chonchi sindingachitire mwina. Ayenera kukagonekedwa kuchipatala."

"Sapita kulikonse."

"Ndikumva. Koma Lachisanu ndikadzapeza chonchi, ndidzaimba foni."

Masana ake mayi Verna ankawasambitsa amuna awo. Kubafa kunadzaza nthunzi mbuu, ndipo anaona chinthu. Mapewa a bambo Emil, amene ankakwera ndi kutsika ngati akukoka chingwe, anakhala pansi. Munthu anapuma. Anapuma mpaka anatseka maso n'kuyamba kusinza pampando wosambira. Atawatulutsa kupita kuchipinda, mphindi khumi zisanathe, chifuwa chija chinabwerera.

Anawafunditsa, natsika masitepe aja, naima patsogolo pa batani. Ankadziwa lamulo. Analimva zaka makumi asanu. Koma denga silitsokomola, denga silituluka magazi, denga alibe nalo lonjezo. Anati, "Ambuye, Inu mukuona," napotokola batani mpaka pamene linakana kupitirira.

Kunena zoona, zinathandiza. Asakunamizeni munthu kuti sizinathandize. Pofika Lachisanu pilo anali woyera. Marites anamvetsera pachifuwa n'kugwedeza mutu mokondwa, foni sanaimbe. Bambo Emil anayamba kugona tulo tenitenti, anapempha supu wa nkhuku wa tsabola wofiira, anadya mbale yonse n'kudandaula kuti mchere wachepa. Mayi Verna atamva kudandaulako anakalirira kukhitchini, kulira kwa chimwemwe.

Koma mawindo anayamba kunena. Mame anapitirira chala chimodzi, anapitirira dzanja lonse, kenako anaundana. M'mawa galasi linkakhala loyera lonse, ayezi wonenepa m'munsi mwake. Mayi Verna ankadzuka m'mamawa kukapala ndi supuni, n'kuyala matawulo m'mphepete, n'kutseka makatani a kuchipinda cha amuna awo.

"Bwanji makatani ali otseka masana ano?"

"Kuwala kwa chipale kukupwetekani maso."

"Batani lija munatsitsa?"

"Ndinatsitsa."

"Pa kamzere kachiwiri?"

"Kodi mwasanduka wapolisi? Ndati ndinatsitsa. Imwani tiyi wanu."

Bambo Emil anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwa tiyi. Chiyambire ukwati wawo mayi Verna anali asanawanamizepo, kupatula za mtengo wa chipewa china kalekale.  Loweruka anapita kukalapa, koma atafika pakhomo la tchalitchi anabwerera, chifukwa munthu sulapa tchimo limene ukudziwa kuti mawa ulichitanso.

Sabata yachitatu Noreen anabwera kuchokera ku Calgary. Kiyi wake anakana kuzungulira, loko anali ataundana mkati. Atalowa, magalasi ake a m'maso anachita nkhungu, ndipo anaima pakhomo akununkhiza.

"Amayi, m'nyumba muno mukumveka ngati mochapira zovala. Taonani khoma ili, likutuluka thukuta!"

"Tsitsa mawu, bambo ako akumva."

"Mwachita chiyani?"

"Ndachita zoti bambo ako apume. Pita ukawaone kaye, kenako udzandiweruze."

Noreen anapita, nawapeza bambo ake atakhala tsonga akuwerenga nyuzipepala, masaya ali ndi magazi. Anabwerera kukhitchini mawu atachepa.

"Komabe, amayi, ndikuguleni kamakina kakang'ono koika pambali pa bedi. Kamanyowetsa chipinda chimodzi chokha. Lalikululo mulitsitse."

"Ndinali nako. Phokoso lake sagona nalo, akuti kamalira ngati udzudzu. Ndipo akapita kuchimbudzi? Akafuna kukhala pabalaza? Ndiwatsekere m'chipinda chimodzi ngati nkhuku yoikira?"

"Nyumba iwonongeka."

"Nyumba idikira. Kukangofunda pang'ono nditsitsa. Iwe umabwera kamodzi pamwezi ndi nzeru zambiri m'chikwama, ine ndi amene ndimachapa mapilo."

 Noreen anabwerera ku Calgary Lamlungu, ndipo batani linakhala pomwepo.

Kuzizira kunakhala masabata asanu. Tonse tinatopa nako, magalimoto osalira, ana osapita kusukulu masiku ena. Ndiye m'mawa wina wa Febuluwale kumadzulo kunaoneka uta uja wa mitambo pamwamba pa mapiri, ndipo aliyense anadziwa kuti Chinuku yafika, mphepo yathu yofunda ija. Inayamba kuwomba cha m'ma naini. Pofika masana anthu ankayenda opanda majekete, misewu ili madzi okhaokha, madenga akudontha mbali zonse. Mayi Verna anatsegula makatani koyamba, ayezi wa pagalasi atasungunuka. Anati mumtima, tapulumuka. Anatsika pansi n'kubweza batani pa kamzere kake, nathokoza Mulungu kuti bodza latha ndipo palibe waliona.

Anali kukhitchini akusenda mbatata pamene anamva. Tho. Tho. Tho. Anayang'ana mpopi, unali wotseka. Anatsatira phokosolo mpaka pabalaza, napeza madzi akudontha kuchokera mu nyale ya pasiling'i, madzi ofiirira ngati tiyi. Asanapeze n'chidebe chomwe anamva amuna awo akuitana, osati mokuwa, koma ndi mawu aja ankagwiritsa ntchito akaona chinthu chimene ankachiyembekezera.

"Amake Noreen. Tabwerani mudzaone."

Pamwamba pa bedi siling'i inali itatupa ngati mimba, banga lalikulu likukula iwo akuona. Madzi ankatsika m'khoma mizeremizere.

"Dzukani! Dzukani, bambo inu!"

Anawakoka m'khwapa ndi mphamvu za kochapira zija, botolo likukhokhomoka pambuyo. Anali atangofika pakhomo pamene siling'i inang'ambika, phwaa! Madzi ozizira, zidutswa za bolodi, thonje lotchinga kuzizira la m'denga lonyowa ndi lakuda bii, zonse pabedi pamene munthu anagona mphindi imodzi yapitayo. Madzi anawathira onse awiri kumsana. Fungo la chuku linadzaza nyumba, ndipo bambo Emil anayamba kutsokomola, chifuwa chimene sichinafune kuleka.

Mayi Verna anaitana Dwayne, wokonza ng'anjo wa m'tauni mwathu, bambo wa ndevu za imvi amene ntchito anaiphunzira poyang'ana kwa bambo Emil omwewo. Anakwera m'denga ndi tochi, natsika ndevu zikudontha.

"Mayi, denga lanu silikudontha ayi. Kunja kuli bwinobwino. Mvula ikugwera mkati. Pansi pa matabwa onse panali chisanu chonenepa ngati dzanja langali, ndipo chasungunuka tsiku limodzi." Anatsika kuchipinda chapansi, nabwerako akukanda m'mutu. "Batani lili pabwino. Koma chinkhupule chatha ngati chagwira zaka ziwiri. Ndani anali..."

Anaona nkhope ya mayi Verna n'kusiya funsolo panjira.

"Ndi ine," anatero mayiwo. "Usafunefune munthu wina. Zitenga masiku angati?"

"Kuchotsa thonje lonse, kuumitsa, kupha chuku, kukhoma siling'i zipinda ziwiri. Masabata atatu, tikathamanga."

"Awiri."

"Mayi, thabwa silimva kukalipira. Limauma nthawi yake."

Marites anafika dzuwa lisanalowe. Sanakalipe. Anangoyang'ana thonje lakuda lija, namvetsera pachifuwa pa bambo Emil amene anali pampando wa kukhitchini atafunda mabulangete atatu akunjenjemera, nati, "Mapapo awa sangagone m'nyumba ya chuku ngakhale tsiku limodzi. Pepani, mayi." Ulendo uno foni anaimba.

Powatulutsa pa machira, bambo Emil anapempha anyamata a ambulansi kuti aime pakhomo. Anayang'ana m'khonde, anayang'ana chitseko cha masitepe, kenako anati, "Tiyeni."

Anawagoneka pachipatala chomwe chija mayi Verna anachapako, pansalu zopindidwa mmene iwo ankapindira. Chibayo chinalowa tsiku lachiwiri. Mpweya wa m'chipatala ndi wouma kuposa wa kulikonse, ndipo milomo ya bambo Emil inang'ambika. Mayi Verna ankagawa tsiku pawiri. M'mawa kunyumba, kuima pakhosi pa Dwayne ndi anthu ake, kunyamula nawo matumba a thonje lonyowa ngakhale ankawaletsa. Masana kuchipatala, kunyowetsa milomo ya amuna awo ndi kathonje. Noreen anabwera n'kukhala, ndipo Mulungu amudalitse mwana ameneyo, sananene ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Noreen atapita kukagula khofi, mayi Verna analephera kupirira.

"Bambo a Noreen, ndinakunamizani. Batani lija sindinatsitse. Ndinalikweza mpaka kumapeto, masabata asanu."

Bambo Emil anatsegula diso limodzi. "Mukuganiza kuti mukundiuza nkhani?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Madzi ankayenda m'kapaipi tsiku lonse osapuma. Ndinkawamva ndili pabedi. Ndipo inu kunama simutha, makutu anu amafiira."

"Ndiye bwanji simunanene? Bwanji simunandikalipire, inu amene mumakalipira ngakhale supuni yoikidwa molakwika?"

Anapuma kangapo asanayankhe. "Ndinkapuma bwino, Verna. Ndinali nditaiwala kukoma kwake. Tsiku lililonse ndinkati, mawa ndimuuza." Anatseka diso lija. "Ndinkaganiza kuti ndipita ine Chinuku isanabwere. Ndinawerengera molakwika."

Mayi Verna anaika nkhope pabulangete. Dzanja la amuna awo linabwera pamutu pawo, lopepuka ngati tsamba.

"Tinaba awiri," anatero bambo Emil. "Musamadye nokha mlanduwo, ndinu adyera."

Anathamanga nayo ntchito ija, Mulungu ndi mboni. Dwayne anagwira ndi Lamlungu lomwe, makina oumitsa akulira m'denga osazima. Koma thabwa linauma nthawi yake. M'mawa wa tsiku la khumi ndi chimodzi Marites, amene anadzera kuchipatala kudzangowaona, anawaimbira mayi Verna kuti asiye zonse abwere.

Anawapeza maso ali kusiling'i ya chipatala, ija ya timabokosi toyera tokhala ndi timabowo. Wansembe anali atadutsa kale ndi mafuta. Noreen anali mbali ina ya bedi.

"Yatha?" anafunsa bambo Emil, mawu ngati mphepo ya pansi pa chitseko. "Siling'i?"

Bodza linali pakamwa penipeni. Akanati yatha, mawa tikupita kwathu, munthu akanatsinzina akumwetulira, ndipo ndani akanawadzudzula? Anamva makutu awo akutentha.

"Ayi. Sinathe. Atsala masiku anayi."

"Mm." Kenako anati, "Dwayne akhome ndi masikuluwu, osati misomali. Misomali imatuluka."

"Ndimuuza."

"Mu Meyi mutseke madzi. Ndi kachitseko."

"Nditseka."

Sanayankhulenso. Anapita dzuwa lisanafike pamutu, mayi Verna akuwanyowetsa milomo, pansi pa siling'i imene anakhoma munthu wina.

Siling'i ya kunyumba inatha tsiku lotsatira maliro. Yosalala, yoyera, yokongola kuposa yakale. Mayi Verna analowa kamodzi, anaiyang'ana, natseka chitseko. Mpaka lero amagona kuchipinda chakale cha Noreen.

Anthu anawauza zambiri zowatonthoza. Ena anati mapapo aja anali atatha kale, masabata asanu amenewo inali mphatso. Wansembe anati Mulungu amayang'ana mtima. Iwo ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zonsezo n'zoona. Koma ndinalonjeza, ndipo anafera pansalu za chipatala." Sakuwa nazo, salira nazo pagulu. Amangozinena ngati mmene munthu amanenera dzina la mudzi wa kwawo. Kutchalitchi akadali pabenchi lachitatu, koma kuimba anachepetsa.

Noreen anawapempha kuti agulitse nyumba akakhale naye ku Calgary. Anakana. Dwayne anati aziwabwerera chaka chilichonse kudzasamala kabokosi kaja, kapena awaikire ka masiku ano kamene kamadzitsitsa kokha kunja kukazizira. Anakananso.

Mu Meyi anatseka madzi ndi kachitseko. Okutobala atafika anatsika masitepe khumi ndi awiri aja okha, chinkhupule chatsopano m'khwapa. Anachilowetsa kamodzi kokha, kadontho kakuda kakuyang'ana kumwamba. Anatsegula madzi n'kuima chete kumvetsera, ndipo ulendo uno anawamva akuyenda. Pensulo inali pamwamba pa paipi pomwe inasiyidwa. Anagwada, chifukwa mzere unali utafika m'munsi, nalemba masiku awiri: la chaka chatha limene anakana kulemba lija, ndi la tsikulo. Manambala ake ndi okhota, aakulu, ngati papalasa nkhuku.

Januwale akafika, kuzizira kukatsika, batani amalitsitsa mpaka pa kamzere kachiwiri. Mmero umawauma, zala zija zimang'ambika, masiku ena amadzuka magazi a m'mphuno ali papilo. Amachapa pilo, amaika khofi pamoto, ndipo madzi asanawire amapita pazenera n'kugoneka chala pagalasi.